Osoka Zovala Amene Ankaopa Kumwa Madzi

Mbale yomwe mayi anaponya inaswekera pakhoma, mwana n'kuthawira kuseri kwa chitseko. Mlandu wake unali kupempha mayi ake kuti amuonere ntchito ya kusukulu.

Mayiwo ankasoka makolala a malaya pafakitale ya zovala. Kapitawo wa kumeneko ankamutcha Bambo Wotchi, chifukwa ukangodzuka pamakina, maso ake anali padzanja. Osoka onse anasiya kumwa madzi kuti asamapite kuchimbudzi. Anthu akuluakulu, ena a zidzukulu, kumaopa kapu ya madzi! Zinali zopsetsa mtima.

"Mayi a mwana, nyumba ino yasanduka khoti," anatero amuna awo akutola zidutswa za mbale. "Ine ndikukaitana anamwino."

Anamwinowo ankakhala nyumba yoyandikana ndi yawo. Atawayeza mayiwo, nkhope ya anamwino inasintha.

"Achemwali, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mukapitiriza chonchi mudzagwera pamakina. Kodi ofufuza za kupanikizika pantchito aja sanafike kwanuko?"

"Anafika. Tonse tinati zili bwino."

"Zili bwino?"

"Nanga mlendo n'kumuyalira mavuto a pakhomo? Ndiponso Bambo Wotchi anaima pomwepo, manja m'thumba. Ndiye mabwana anangotimatira chithunzi pakhoma, akuti tizimwetulira. Ndimwetulire chikhodzodzo chikuphulika?"

Anamwino anawomba m'manja mokwiya. "Mukufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi! Anthu aja ntchito yawo ndi kufunsa chomwe chikukupwetekani. Mukawabisira, amakanena kuti kuno kulibe vuto. Muli ndi ufulu woyankha panokha, bwana atatuluka, ndipo dzina lanu satchula."

Ofufuza atabweranso kudzaona ngati chithunzi chija chathandiza, mayiwo anazimitsa makina awo n'kuimirira. Ukali unaposa mantha.

"Pepani alendo. Tsiku lija tinakunamizani. Abwanawa ayambe atuluka, tikuuzeni zoona."

Bambo Wotchi anatuluka atatupa ngati chule. Apo pakamwa panatseguka. Wina anati msana, wina anati mutu, wina anaonetsa mapazi otupa. Mayi wina wachikulire analira pofotokoza mmene anadzikodzera pampando, anzake n'kumubisa ndi nsalu.

Ofufuza anakatula zonsezi kwa eni fakitale osatchula munthu. Anawaonetsanso kuti zovala zambiri zobwezedwa zinkasokedwa masana, anthu atatopa. Eni ake anamva. Anaika nthawi yopuma m'mawa ndi masana, ndowa ya madzi akumwa pakhomo, ndiponso tsiku loti osoka azinena madandaulo awo.

Patapita miyezi, anamwino anawayezanso mayi aja n'kumwetulira. "Tsopano mtima ukugunda ngati wa munthu, osati ngati makina anu aja."

Ntchito ikakupanikizani, musanene kuti zili bwino pofuna kulemekeza alendo. Ofufuza sangathandize pa vuto lomwe mwawabisira. Nenani zoona, thanzi ndi lanu.