Makiyi Olemera a Bambo

Linali Loweruka lachitatu ndikuzungulira m'mashopu ndi Bambo kufuna piyano, ndipo kunena zoona zinali zitandikwana. Ine ndimagwira ntchito yochapa ndi kusita nsalu za pahotela. Sabata yonse ndimakhala chiimirire, simbi m'manja, nthunzi kumaso. Loweruka ndi tsiku lokhalo loti miyendo yanga ikumbukire kuti kunja kuno kuli mipando. Koma ayi ndithu, ndinali pamsewu, Bambo atandikolowekera dzanja, tikuyenda pang'onopang'ono ngati tataya singano.

Bambo anaphunzitsa anthu piyano moyo wawo wonse. Chaka chatha sitiroko inawagwira mbali ya kumanja, pakamwa panapotokako pang'ono, ndipo atatuluka m'chipatala ndinawatenga kuti tizikhala limodzi. Ine ndimakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, masitepe ake opapatiza. Piyano yawo yamatabwa amuna anayi anayesa kuikweza, inakakamira pokhota poyamba, anaitsitsa akutukwana. Tinaipereka kwa munthu wina amene Bambo anamuphunzitsa kale. Kuyambira tsiku limenelo Bambo ankangokhala pawindo, chakudya n'kumangochitembenuza ndi supuni.

Mayi wa fizo, amene amawawongola dzanja kuchipatala, anandikokera pambali n'kundiuza mosapsatira. Anati dzanjalo likapanda kugwira ntchito miyezi inoyi liuma, ndipo mwini wakenso auma nalo limodzi. "Apezereni choimbira," anatero. "Bola azichikhudza tsiku ndi tsiku."

Ndiye tinkafuna piyano yamagetsi, yonyamulika, yoti ine ndekha ndingakwere nayo. Achimwene anga amene amakhala kutali ntchito yawo inali kutumiza zithunzi pafoni. "Gula iyi, anthu akuitama kwambiri." Iwowo pothandiza ndi chala chimodzi palibe angawapose. Ine ndiye woyenda, poti mutu ukakula sulewa nkhonya, ngakhale kuti wamkulu m'banja mwathu si ine.

Bambo anali ndi kayesedwe kawokawo. Tikalowa m'shopu, wogulitsa amathamangira kuyatsa, kudina mabatani, ng'oma n'kuyamba kulira zokha. Bambo amangokweza dzanja lamanzere.

"Zimitsani."

"Koma bambo, mumve mawu ake!"

"Mawu aliyense akhoza kuika m'kabokosi. Ine ndikufuna ndimve kiyi akamatsika ndi akamabwerera. Zimitsani."

Akazimitsa, Bambo amadina kiyi mmodzi pang'onopang'ono mpaka pansi, n'kumulola akwere chala chili pomwepo. Kenako amadina kumtunda kwake, pafupi ndi pamene makiyi akuda amayambira, poti akuti piyano yabodza imaulukira pamenepo. Akatero amagamula. Ina anati ndi siponji. Ina anati ikugogoda ngati chitseko cha bafa. Ina sanaimalize n'komwe, anangoti, "Chidole cha ana ichi," wogulitsa ali pomwepo. Ine manyazi! Ndinkapepesa potuluka paliponse ngati ndathyola kanthu. Zonsezi ankachita ndi dzanja lamanzere. Lamanja linkakhala m'thumba la jekete, ndipo ukawafunsa ankati linachira kalekale, akungolisunga kuti lisazizidwe.

Shopu ya tsiku limenelo inali kuseri kwa malo ogulitsa mafiriji, kachipinda kakatali kopanda windo, magitala atalendewera kudenga moti ndinkayenda chowerama. Munkanunkha makatoni ndi fumbi. Wogulitsa anali mayi wa imvi, magalasi atawamangirira kachingwe m'khosi. Bambo asanatsegule pakamwa, mayiyo anawayang'ana kamodzi, n'kuzula chingwe chamagetsi pakhoma.

"Mwakhala mukuimba ya matabwa inu," anatero. "Bwerani kuno, zakutsogolozi musataye nazo nthawi."

Anatitengera kumapeto, n'kuchotsa nsalu pa piyano yakuda, yayitali, yopanda mabatani ambiri. Anati mkati mwake muli timahamala, si masipuling'i ayi, ndipo makiyi a kumanzere ndi olemera, kupita kumanja n'kumapepukirako, monga imachitira yeniyeni. Anawakokera mpando.

Bambo anadina. Kiyi anatsika mwaulemu, n'kubwerera popanda phokoso. Anadina kumtunda. Anadina atatu pamodzi. Anayenda mpaka kumapeto n'kubwerera. Ine ndinkadikira chitonzo, koma sichinabwere. Apo ndinadziwa kuti tapeza. Mumtima ndinali nditayamba kale kuvula nsapato.

Kenako anaimirira. "Zikomo mayi. Tidzabweranso."

Apa ndiye ndinapsa mtima, ndipo sindinyadira zimene ndinachita.

"Tidzabweranso liti, Bambo? Ine ndatopa! Mapazi angawa atupa ngati mabanzi. Iyi mwaipezera chifukwa chanji? Nenani, tikumva."

"Usandikweze mawu pa anthu, iwe."

"Ndiye tulutsani dzanja lamanjalo. Tikugulira limenelo, osati linalo. Tulutsani tione."

Mayi uja anayamba kupukuta magalasi ake oyera kale. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhalanso pansi. Anatulutsa dzanja lija n'kuliika pa makiyi, akulithandiza ndi linzake. Linali litaonda, ndipo ndinachita manyazi kuti ndimagona nawo nyumba imodzi koma sindinali nditaliona bwinobwino.

Chala chachikulu chinatsitsa kiyi wake. Cholozera chinatsitsa. Chapakati chinanjenjemera, koma chinafika pansi. Chitafika chala cha mphete, kiyi anatsika theka, n'kuima, kenako anakwera yekha akuchinyamula chalacho. Anayesanso. Chimodzimodzi. Kachitatu anakanikiza ndi phewa lonse, thukuta lili pamphumi, koma chala chinangopindika n'kutererekera pambali.

Anang'ung'udza kanthu. Chiyambire matenda aja mawu awo amatuluka mbali imodzi, ndipo ine ndinamva ngati ati "yalemera."

Ndinalumphira pomwepo. "Mwamva mayi, akuti yalemera. Tionetseni yopepuka, yomwe ili bwinoko."

Mayi uja naye anafuna kuthandiza. "Komanso kiyi ameneyo amavutadi, bambo. Anthu amangomudinadina akabwera, ndiye analimba."

Bambo anatambasula dzanja lamanzere n'kudina kiyi yemweyo ndi kachala kakang'ono. Anatsika myaa, osavuta n'pang'ono pomwe.

"Kiyi alibe mlandu," anatero, akutulutsa liwu lililonse palokha kuti timve. "Ndipo sindinati yalemera. Ndati chalema. Chala ichi chalema."

Ndinasowa poyang'ana. Iwo anapitiriza, maso ali pa dzanjalo.

"Masabata onsewa ndinkapemphera kuti tisaipeze yabwino. Ikakhala yoipa, wolakwa ndi piyano. Ndimaopa, mwanawe. Wafuna ndinene pa anthu, ndanena."

Ndikanakonda akanandikalipira. Mkwiyo wonse unandithera, ndinangotsala ndi kutopa ndi chisoni.

Mayi uja anapita kutsogolo n'kubwera atakolekera m'khwapa kapiyano kena kotuwa, kopepuka moti ankakanyamula ndi dzanja limodzi. Anakaika patebulo, n'kulumikiza kumagetsi. "Yesani kano, bambo. Kungoyesa sikugula."

Bambo anaika dzanja lamanja. Zala zonse zisanu zinatsika, mpaka kachala kakang'ono komwe. Anabwerezanso. Kenako dzanja lamanzere linalowa lokha, ndipo m'kachipinda kafumbi kaja munamveka nyimbo, yotsimphina pang'ono koma nyimbo ndithu, yoyamba m'chaka chathunthu. Munthu wina wa kumafiriji anasuzumira pakhomo. Ine misozi inali italengeza, ndipo ndinati basi, Mulungu wamva, titenge kameneka tizipita.

Bambo anasiyira pakati, n'kuchotsa manja.

"Kano kakungondivomera zilizonse," anatero. "Ngati inu awirinu."

"Bambo, koma mwaimba! Tonse tamva."

"Kaimba ndi kano. Ndikangokakhudza kalira kale. Chala chikazolowera zimenezi chigona mpaka kalekale, ine n'kumadzinamiza kuti ndachira." Analoza yakuda ija. "Tikutenga iyo."

"Nanga chikapanda kutsika? Miyezi ikatha, kiyi osatsika, mudzatani? Mudzabwerera pawindo paja?"

"Sindikudziwa," anatero. "Koma ndidzakhala nditamva kwa amene sanama."

Ndinayang'ana mayi wogulitsa kuti mwina andithandize. Iye anangokweza mapewa. "Ine ndikanakhala mwana wawo ndikanatenga yopepuka," anatero. "Koma ndikanakhala iwowo ndikanatenga yakudayo."

Ndinapita kukaiyesa kunyamula mbali imodzi. Mayo ine! Amene anaitcha yonyamulika sananyamulepo kanthu chibadwire. Msana unandiuza nthawi yomweyo kuti Lolemba tidzakambirana. Ndinaitsitsa, n'kuuza mayi uja kuti chabwino, abweretse katoni yake ndi chingwe chomangira.

Mayiyo anapita kuseri kukafuna katoni. Ndinatembenuka kuti ndiwauze Bambo avale bwino jekete, tikayang'ane galimoto. Ndinawapeza atabwerera kale pa yakuda ija, ili chizimire, mutu atauweramitsa. Chala cha mphete chinali pa kiyi yemwe uja. Ankakanikiza, kiyi n'kutsika theka, n'kubwerera. Amapuma pang'ono, n'kuyambiranso. Ndinawaitana kawiri, sanandimve.

Panali sipika yaikulu pambali, ndinakhalapo n'kuvula nsapato imodzi. Mayi uja anatulukira akukoka katoni, n'kufunsa ngati ayambe kulongedza.

"Musafulumire, mayi," ndinatero. "Asiyeni kaye."