Bebi wa Mayi Odessa

Upile, wokonza m'zipinda, anaima kuseri kwa chitseko cha holo ya hotelo, maso ali pa mwamuna wake. Asani, dalaivala wa pahotelopo, ankalowa ndi Mayi Odessa Whitlow, woyimba nyimbo za soul wa ku America amene anabwera ku Doha kudzayimba nyengo yonse yozizira. Dzanja la mayiyo linali litakolowekedwa pamkono pa Asani.

"Zikomo, bebi," anatero mayiyo.

Bebi! Bambo wandevu, wa ana awiri ku Mangochi, lero wasanduka bebi?

Anzake a pantchito ankati mayiyo anayambira m'kwaya ya kutchalitchi ali kamtsikana, kenako ankadzaza mabwalo akuluakulu, ndipo maukwati atatu anawasiya panjira. Za mabwalozo Upile analibe nazo ntchito. Chinamukhala pamtima ndi maukwati atatuwo. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo, nanga uyu wokongola n'kudziwanso nyimbo, banja la munthu lingalimbe?

Atamufunsa, Asani anayang'ana kumbali. "Ndi ntchito, mkazi wanga. Zinazo sindingaulule, ndinalonjeza. Khalas, nkhani yathera pomwepa."

Ntchito yanji yogwirana manja? Nsanje inamuwira Upile mpaka anakagogoda kwa manijala, n'kunena kuti dalaivala wina akuzolowerana ndi mlendo mopyola muyezo. Kutacha, Asani anamusamutsira ku basi yonyamula antchito ku Al Duhail.

Madzulo ake Upile anakwera kukakonza chipinda cha mayiyo, makamaka kuti akaone nkhope ya mkazi wolandidwa chibwenzi. Anawapeza atavala diresi lobiriwira loyimbira, akupapasa khoma.

"Asani, bebi, ndiwe?"

Upile anali ataima pamaso pawo penipeni, dzuwa lili phwee pawindo. Maso a mayiyo ankayang'ana kumbali kwa phewa lake.

"Ndine Upile, mayi, wokonza m'zipinda."

"Pepa, bebi." Anakhala pabedi pang'onopang'ono. "Poti waona, sindikubisiranso. Shuga wandidya maso. A hotelo akadziwa, kontilakiti yatha, ndipo pa msinkhu wangawu palibenso amene angandiitane. Mawu okha ndiwo anditsalira. Mnyamata uja ankandinong'oneza pali masitepe, n'kukandisiya pamaikolofoni. Wina wakamunenera zabodza."

Manyazi anamugwira Upile. Kumunsi oyimba zida anali atayamba kale kuyesa ng'oma.

"Tiyeni ndikuperekezeni," anatero Upile. "Gwirani apa."

Anatuluka limodzi. Asanafike palifiti, mayiyo anaima.

"Ukunjenjemera, mwanawe. Kodi Asani ukumudziwa?"

"Ndi mwamuna wanga."

Mayi Odessa anamudziwa pomwepo wonena zabodza uja. Zala zawo zinamasuka pamkono pa Upile, n'kulendewera m'malere. Kenako zinabwerera n'kugwiritsa kuposa poyamba, poti panalibenso mkono wina woti zigwire.