Madontho Asanu ndi Awiri

"Asisita, madziwa akuyenda kapena agona?" anafunsa a Zubair, maso ali pa botolo la diripi.

Memory anali akuwerenga madontho, diso lina pa wotchi. Tsiku limenelo namwino anali iye yekha m'wodi yonse ya ana. Zena, mwana wa a Zubair wa zaka ziwiri, anafika m'mawa kuchokera ku gombe la kupitirira Malindi, atawonda ndi chibayo, osatha ngakhale kumeza phala. Adokotala analamula mamililita 240 pa maola khumi ndi awiri. Timapaipi ta ana tinatha kalekale, ndiye Memory anamuika ka akuluakulu, kamene madontho 20 amapanga mililita imodzi. Masamuwo anawachita kawiri: mamililita 20 pa ola ndiwo madontho 400, kugawa ndi mphindi 60. Madontho asanu ndi awiri pa mphindi, osapitirira.

"Akuyenda bwino, bambo. Ndi mmene ayenera kuyendera."

A Zubair analoza bedi loyandikana nalo. "Nanga mwana wa aphunzitsiyo? Ake akuthamanga ngati Shire. Kapena ife a usipa madzi athu ndi oyeza ndi supuni?"

"Uyo watsekula m'mimba, thupi lauma, akufunika madzi ambiri. Wanuyu mtima wake ndi wofooka. Kabwato mukakadzaza kamamira, inu mukudziwa kuposa ine. Chonde kagudumu ka pa paipi aka musakakhudze."

"Kuthamanga sikufika, bambo a Zena," anatero akazi awo, a Mwanamvua, akutola matewera kuti akachape ku mjigo.

Posakhalitsa kunamveka mfuu pakhomo, mwana wina akukomoka ndi malungo. Memory anathamangira komweko, ndipo ntchitoyo inamudya nthawi yaitali.

Tisawanamizire a Zubair, sanali munthu wouma mtima. Anali atagona panyanja zaka zambiri chifukwa cha ana ake, ndipo ku gombe aliyense ankanena kuti wosauka kuchipatala amapatsidwa zotsala. Anakhala pamenepo akuona dontho limodzi likulendewera, likuganiza, kenako n'kugwa, pamene la mnzawo likuyenderera. Mwana wawo akubuula. Chinawapweteka kwambiri. Anati bisimila, n'kukankha kagudumu kaja ndi chala chachikulu.

Memory atabwerera, a Zubair anamulandira akumwetulira.

"Ndakuthandizani ntchito, asisita. Botolo latha, bweretsani lina."

Memory anathamangira pa bedi. M'botolo munali mbee. Zikope za Zena zinali zitatupa, milomo itada, ndipo popuma m'chifuwa munkamveka phokoso la madzi. Anatseka paipi, anamukhazika tsonga, anakuwa kuti aitane adokotala. Anamubaya jakisoni wochotsa madzi m'thupi. Makina a mpweya analipo amodzi, koma magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Ambulansi inali ku boma, ikudikira mafuta.

A Mwanamvua analowa ndi beseni pamutu. Anayang'ana botolo, anayang'ana mwana, kenako amuna awo. Anatula beseni, n'kunyamula mwanayo.

Zena anatsirizika anthu akuchokera ku mzikiti ku swala ya masana, ali m'manja mwa mayi ake.

Achibale atabwera ndi nsalu, a Zubair anamutsatira Memory mpaka pa sinki pamene ankasamba m'manja.

"Mwanangu, ndiuzeni zoona pamaso pa Mulungu. Kodi ndi ine?"

Memory anali wotopa, ndiponso wokwiya kwambiri. Yankho ankalidziwa mpaka dontho lomaliza. Koma anaona kuti bamboyu akaliuzidwa, ku gombe kukakhala maliro awiri.

"Matendawo anali aakulu, bambo," anatero, osawayang'ana.

A Zubair anagwedeza mutu, n'kutuluka kukanyamula mwana wawo. Atatambasula manja, a Mwanamvua anatembenuka, n'kupereka mtembowo kwa alongo awo, amalume a Zena.