Womwetsa Zigoli wa ku Mukobeko

Ligi ya m'makomboni a Kabwe inatha timu ya Makululu Zitsulo ili yachiwiri kuchokera pansi. Timu yomwe inali pansi penipeni inasiya kusewera mu Juni, minibasi yomwe inkainyamula itagulitsidwa. Tsono tisanamizane, ya kumchira inali Zitsulo. Chaka chonse inamwetsa zigoli zisanu ndi zinayi, ndipo ziwiri mwa izo adani anadzimwetsa okha, kaya chifukwa cha chifundo.

Manijala wake anali Kenani Tukiya, bambo wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, wa kamimba kotsogola ndi wisulo ya pakhosi imene sankaivula ngakhale ku tchalitchi. Timuyo anaiyambitsa yekha, anyamata akumenya bola ya mapulasitiki pafumbi. Koma kuyambitsa si kukhala mwini. Mwini anali a Micheal Lubuto a ku Highridge, dera la anthu achuma, amene anagula majezi n'kukhala tcheyamani, munthu amene Makululu ankamuona kudzera pa galasi lotseka la galimoto.

Lolemba a Lubuto anamuitanitsa. Iwo anakhala pa mpando wa khushoni pakhonde, Kenani pa kampando kopondapo potsuka galimoto. Pambali panali Terence, mchimwene wa akazi awo, mnyamata wodziwa matimu onse a ku Ulaya koma amene sanavulalepo chala pabwalo.

"Ba Kenani, majezi ninagula ine. Bola ninagula ine. Manje anzanga akaniona aseka," anatero a Lubuto. "Kulembetsa osewera atseka pa Chiweru masana. Munibweretsere munthu womwetsa zigoli. Mukalephera, wisulo iyo mupatse Terence."

Terence anayang'ana wisuloyo ngati mmene galu amayang'anira fupa.

Zoona zake Kenani ankazidziwa. Anyamata ankafika pamasewera wapansi, m'mimba muli madzi okha. Apakati ankamenya bola ngati akufuna kugwetsa mango. Akanatha kunena zimenezo. Koma munthu akapondedwa ndi wamkulu sabwezera m'mwamba, amasaka wamng'ono woti naye amuponde.

"Vuto ni Jabez, ba tcheya," anatero Kenani. "Nambala naini wathu. Miyendo yake ilemera."

Ikanalephera bwanji kulemera? Jabez ankakankha wilibala ya zitsulo zakale kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kudzathamanga mphindi makumi asanu ndi anayi akudikira bola yomwe sinkamufika. Mwa zigoli zisanu ndi ziwiri zenizeni za timuyo, zisanu zinali zake.

Tsono mu ligi imeneyi wosewera sagulidwa, amabedwa. Ukangoyamikira mnyamata mokweza, kapena kufunsa kuti amakhala kuti, dzuwa lisanalowe anthu a timu ina afika kale kwa amayi ake ndi nsapato za bola ndi thumba la ufa. Kenani anataya anyamata atatu mwa njira imeneyi, onse kupita ku Kabwe Mphezi. Kuyambira pamenepo anadziikira lamulo: ukaona wosewera wabwino, tseka pakamwa, usafunse zambiri, ubwere tsiku lomaliza ndi fomu m'manja.

Lachiwiri anakwera minibasi kupita ku Mukobeko kukapereka mbatata kwa mlongo wake Dainess, yemwe mwamuna wake January ndi msilikali wa ndende. Akudutsa kuseri kwa nyumba za asilikaliwo anamva wisulo. Miyendo inakhota yokha.

Pabwalo lotchingidwa ndi waya ankasewera a jezi yachikasu ndi a jezi yobiriwira. Kuzungulira bwalo lonse kunaima asilikali a ndende ali mu yunifolomu, ena ndi mfuti paphewa. Kenani anagwedeza mutu mosirira. Awa ndiwo okonda bola, anatero mumtima, kuchoka ku ntchito osasintha n'komwe zovala. Kenako anaona mlamu wake January ataima pafupi ndi golo. January anali wotsatira Mphezi wa pakamwa pobooka. Kenani anatsitsa chipewa, nabisala kuseri kwa chulu.

Ali kumeneko ndiye anamuona. Mwamuna wamtali wa jezi yachikasu, wopanda nsapato, ankadutsa anthu ngati akudutsa mapesi a chimanga. Analandira bola pachifuwa, natembenuka, chigoli. Patapita kanthawi, ndi mutu, chigoli. Kenani anatulutsa foni, najambula chachitatu ndi chachinayi.

Pafupi panali mayi wogulitsa zitumbuwa. Kenani anamuyandikira chammbali ngati nkhanu.

"Mayo, uja mutali ni ndani?"

"Uja? Ni Mazuba. Uja munthu ali..."

"Basi mayo, basi! Musakambe maningi."

"Koma nifuna nikuuzeni kuti..."

"Nipatseni vitumbuwa viwiri."

Anachoka masewera asanathe, kuopa kuti January angamuone. Mbatata anazisiya pakhomo pa Dainess osagogoda.

A Lubuto anaonera vidiyoyo kasanu. Kachisanu anaimirira n'kumenya mphepo ndi phazi mpaka silipasi inauluka kukagwera m'maluwa. Tsiku limenelo Kenani anakhala pa mpando wa khushoni ndipo anamwa tiyi wa mkaka.

Panatsala chinthu chimodzi. Ligi imafuna makhadi makumi awiri pa timu, osachepera, osapitirira, lililonse ndi chithunzi cha mwini wake ndi chidindo. Kuti Mazuba alowe, wina anayenera kutuluka. Lachinayi m'mawa Kenani anakafufutitsa khadi la Jabez ku ofesi ya ligi. Masana pa maphunziro a bola anaimitsa anyamata onse mumzere, poti munthu wamantha amakonda mboni akamachita zankhanza.

"Jabez, bweretsa jezi."

Jabez anali atangoimika wilibala yake pansi pa mtengo. Manja ake anali ofiira ndi dzimbiri.

"Nalakwa chani, ba manija?"

"Tapeza womwetsa zigoli weniweni."

"Ni ndani?"

"Uzamuona pa Chiweru."

Jabez anavula jeziyo pang'onopang'ono, naipinda bwino monga ankachitira amayi ake akaichapa, naipereka ndi manja awiri. "Mumuuze abwere na bola yake," anatero. "Ya timu ino sifika kutsogolo." Anatenga wilibala namapita, tayala likulira. Anyamata enawo anayang'ana pansi. Palibe anaseka, ngakhale Kenani anadikira.

Lachisanu ananyamuka pa galimoto ya a Lubuto, Kenani kutsogolo, Terence kumbuyo atatupa nkhope. Ananyamula fomu, jezi nambala naini, nsapato zatsopano ndi thumba la ufa la amayi a Mazuba. Ku Mukobeko anayamba kugogoda nyumba ndi nyumba. Kwa Mazuba ndi kuti? Palibe ankadziwa. Mayi wina anati mwina ndi mphunzitsi uja anasamuka chaka chatha. Mwana wina anawalozera kwa m'busa. A Lubuto anayamba kutuluka thukuta m'khosi mwa shati.

Atazungulira kachitatu, anakumana ndi January akuchokera ku ntchito, chipewa chili m'manja.

"Mulamu! Mwagula motoka?" anafuula January. "Mbatata tinaziona, koma mwini wake anathawa monga kawalala."

Kenani anaona kuti fomu ili m'manja, Mphezi sangachitenso kanthu. Anakweza chifuwa. "Mulamu, tionetseni nyumba ya Mazuba. Uja anamwetsa vinayi pa Chiwiri."

January anamuyang'ana. Anayang'ana jezi, nsapato, thumba la ufa pa mpando wakumbuyo. Kenako anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, mu yunifolomu yake yosita, naseka mpaka misozi.

"Nyumba ya Mazuba! Mayo ine! Ni ikulu, mulamu, ili na mpanda, ili na alonda. Ine nine mulonda wake. Bwerani."

Anawatsogolera ku munda wa kabichi kuseri kwa mpanda. Amuna khumi ndi awiri a zovala zofanana ankapalira, msilikali wa mfuti ataima pambali. Wamtali pakati pawo anali Mazuba.

"Pa Chiwiri tinali kuchaya ise asilikali na akaidi a khalidwe labwino," anatero January akupukuta m'maso. "Majezi anatipatsa a tchalitchi. Simunafunse munthu aliyense?"

Kenani anakumbukira mayi wa zitumbuwa uja.

A Lubuto, pokhala munthu wozolowera kuti chilichonse chimakambidwa, anatsokomola. "Bwana ofisala, atsala na nthawi itali bwanji?"

"Zaka zisanu na chimodzi."

"Nanga kutibwerekako pa Chiweru chabe? Nizamutenga na motoka, nizamubweza ine mwine."

"Ba mudala, ngati mufuna kuchaya naye timu imodzi, njira ilipo," anatero January. "Yesani kumutenga. Muzagona naye chipinda chimodzi."

Msilikali wa mfuti uja, yemwenso ankaseka, analola Mazuba kuyandikira waya. Mazuba anavula chipewa napereka moni mwaulemu. Atamva nkhani yonse, anayang'ana jezi yomwe inali m'manja mwa Kenani.

"Iyi jezi inali na mwine wake?"

"Inali naye."

"Anamwetsa vingati?"

"Visanu."

"Pa vingati va timu yonse?"

Kenani anayankha motsitsa mawu.

"Nanga mwamuchotsa chifukwa chani?" anafunsa Mazuba, modabwa zenizeni. "Ine ba manija nimadya pa nthawi, nimagona pa nthawi, mowa sinimwa, bola tichaya masiku onse. Ndipo goloyi amene ninamumwetsa vinayi ni ba sajeni, atsala miyezi itatu apume pa ntchito. Bola ikabwera amayamba aika magalasi."

"Ni zoona," anavomereza January. "Chachitatu anali kuyankha foni."

Pobwerera Terence ndiye anakhala kutsogolo. Wisulo inavulidwa galimoto isanafike n'komwe pa msewu wa tala. Kenani anakhala kumbuyo ndi thumba la ufa, khosi lake lili lopepuka modabwitsa.

Anatsikira ku Makululu nathamangira kumene amagula zitsulo zakale. Anapeza Jabez akutsitsa chitseko cha firiji pa sikelo. Kumapazi kwake kunali nsapato za bola zofiira, zatsopano, mapepala a m'sitolo akadalendewera.

"Jabez, mwana wanga..."

"A Mphezi anafika pa Chinayi pamene paja, ba manija. Nikalibe kufika na kunyumba. Amayi analandira thumba la unga." Sanakweze mawu. "Womwetsa zigoli wanu ali bwanji?"

"Ali bwino," anatero Kenani. "Adya pa nthawi."

Loweruka, ola limodzi ofesi ya ligi isanatseke, anyamata a Zitsulo anasonkhana panja pake. Makhadi anali khumi ndi asanu ndi anayi. Kalaliki anati popanda la makumi awiri timu silowa mu ligi, ndipo anayamba kale kuyang'ana wotchi. Terence, wisulo ili pakhosi, anaimbira anzake onse. Wina anali ku Lusaka, wina amayi ake anamuletsa fumbi la Makululu, wina anafunsa ngati pabwalo pali udzu. Anyamata a m'komboni odziwa bola onse anali atatengedwa. A Lubuto anapempha osewerawo kuti aliyense aitane mng'ono wake kapena msuweni. Palibe anatulutsa foni.

Goloyi wa timuyo, munthu wosalankhulalankhula, ndiye anatsegula pakamwa. "Ife takambirana. Nambala naini tili naye." Analoza ndi chibwano.

Kenani anacheuka kuti aone amene ali kumbuyo kwake. Kunali khoma.

"Imwe anyamata, ine nili na zaka fote wani."

"Ligi siletsa."

"Nili na bondo."

"Jabez anali na wilibala," anatero goloyi. "Muvale, muimirire kutsogolo kuja chaka chimodzi, muone ngati bola ifika. Mukakana, ise tonse tichotsa makhadi athu, timu ife lero."

Kenani anayang'ana a Lubuto, koma iwo anali otanganidwa ndi kuyang'ana nsapato zawo. Anayang'ana anyamatawo, ena anawaphunzitsa kumenya bola asanamere ndevu. Mpando wa umanijala unali utapita, umenewo sukanabwerera. Chotsala chinali timu, ndipo ikanafa pa dzanja lake pasanathe theka la ola.

M'chikwama chake munali chithunzi chimodzi chokha, chotsala pa khadi la ku tchalitchi, ali mu jekete ndi tayi. Kalaliki anachimata, nafunsa kawiri chaka chobadwa, nadinda.

Jezi anaivalira pomwepo chifukwa anyamata anaumirira. Inalowa m'mutu bwinobwino, m'mapewa movutikira, ndipo itafika pamimba inakana. Anthu awiri anakoka kutsogolo, mmodzi kumbuyo. Mchombo unatsala panja.

"Ba naini," anatero goloyi akuwerenga pepala lomwe kalaliki anali atangomata pa chitseko, "masewera oyamba ni pa Chiweru chikubwera. Tichaya na Mphezi."

Terence anaimba wisulo molakwika, ngati ya ketulo, nalamula kuti onse athamange mpaka ku bwalo la Makululu. Anyamata ananyamuka. Kenani anakoka jezi pansi, inabwerera m'mwamba, ndipo anayamba kuwatsatira.