Bango la a Nikodemo

A Solomoni anabwerera ku Sinda kuchokera ku migodi mu 1957 ali ndi sutikesi, chipewa ndi chifuwa chosamva mankhwala. Sutikesi inadyedwa ndi chiswe, chipewa anabwereka mlamu wawo osabweza, koma chifuwa chokha chinakhala. Akangogona pamphasa mpweya unkawathera, n'kudzuka akutsokomola mpaka misozi. Tulo tinawathawa, ndipo mkazi wawo Dorica ankangoona munthu akutha ngati sopo.

Dorica anayesa zonse. Anaphika mizu yowawa, anawafukiza masamba, chifuwa n'kumangokula. Atakwera nawo lole kupita kuchipatala ku Katete, adokotala anakana kupereka mapiritsi a tulo.

"Mapapo awa ndi ofooka, mayi. Angagone osadzukanso. Azigona chokhala, ndipo m'nyumba musamasonkhe moto."

Chokhala! Kunena n'kosavuta. Akawatsamiritsa pakhoma ankatsetsereka, akawaika pakampando ankagwera kumbali. Dorica anakwiya ndi adokotala, ndi khoma, ngakhale ndi wodwala yemwe.

Lamlungu lina a Solomoni anakakamira kupita kutchalitchi. Anakhala pabenchi mbali ya amuna, Dorica pamphasa mbali ya akazi. Wolalikira anali a Newton, munthu woti akayamba saona dzuwa. Ulaliki uli mkati, Dorica anaponya maso. Mwamuna wake anali atawerama, mikono itatsamira pabenchi lakutsogolo, mutu uli pamikono. Msana unkakwera ndi kutsika bwinobwino. Anali m'tulo!

Koma mumpingomo munali a Nikodemo, mkulu wa mpingo amene ntchito yake inali kuyendayenda ndi bango lalitali, kugogoda m'mutu aliyense wosinza. Ntchitoyi ankaikonda kuposa pemphero. Dorica anawaona akunyang'ama, bango lili m'mwamba. Anawakodola, anatsokomola dala, anapukusa mutu, koma mkuluyo maso anali pa nyama yake.

Mkazi sankaponda mbali ya amuna. Dorica anadumpha miyendo ya anzake, n'kudutsa pakati pa tchalitchi, n'kuligwira bangolo lisanatere.

"Mayi, mwapenga? M'nyumba ya Mulungu sagonamo," anatero a Nikodemo.

"Kwanga wakanika kugona. Mulungu wamugoneka kwake, inu ndinu ndani?" ananong'ona Dorica, mano ali gwa. "Mukamukhudza, bango ili ndikuthyolerani pamsana."

Mpingo wonse unatembenuka. A Newton anasiya mawu pakati, kukamwa kuli yasa, m'tchalitchi n'kungoti zii. Batalo linawafika a Solomoni. Anagwedeza phewa, pakhosi payamba kale kulira.

Dorica, amene zaka zonsezi ankadandaula kuti maulaliki a bambo Newton amapsereza ndiwo, anacheukira kuguwa misozi ili m'maso, bango akadaligwira.

"Pitirizani, a Newton, chonde. Ndipo lero musafulumire."