Kabawuti ka pa Nkhono

Amuna anga ndi makanika wa njinga zamoto, munthu amene amabwera patebulo manja akununkha oyilo n'kumadabwa kuti ine ndikudandaula chiyani. Galaja yawo ili kuseri kwa nyumba yathu. Ndikamatsuka mbale, pawindo la kukhitchini ndimaona zonse: benchi yachitsulo, masipanala opachikidwa kukhoma, ndi msana wawo atawerama.

Tinali ndi ana awiri. Wachisamba, wamwamuna, anatisiya pangozi ya njinga yamoto yaikulu imene anabwereka kwa mnzake asanadziwe kuigwira bwino. Anapotokola chogwirira chopatsira moto mpaka kumapeto, njinga n'kumuthawitsa, n'kukamumenyetsa kukhoma la mlatho. Za tsiku limenelo sindifuna kunena zambiri. Ine ndinalira mpaka mawu anatha. Amuna anga analowa m'galaja n'kutseka chitseko, ndipo kwa miyezi tinkangomva kugogoda kwa zitsulo.

M'kugogoda kumeneko ndi momwe munachokera maganizo opanga njinga ya anthu ongophunzira kumene. Ankafuna kanjinga kakafupi, koti munthu akakhala pachishalo mapazi onse azifika pansi, kopepuka koti akagwa nako akadzutse yekha, kotchipanso koti mphunzitsi kapena namwino akagule ana osagona ndi njala. Felemu, thanki ndi chishalo ankati azipanga okha. Injini yokha ndiyo yogula kunja.

Vuto linali lakuti amuna anga kujambula sadziwa, nzeru zawo zili m'manja. Wojambula anali mwana wathu wamkazi, wotsala yekhayo, amene anaphunzira za makina kukoleji. Bambo ake anamupatsa dzina loti Injiniya ali wamng'ono, ataphwasula wailesi yanga n'kulephera kuibwezera. Amati make mbuu, mwana mbuu, koma uyu kwa ine anangotengako mphuno. Makani onse ndi a bambo ake.

Nthawi imene awiriwa ankapanga njingayo ndi yokhayo imene ndinamvanso kuseka m'galaja muja. Ankakangana za chilichonse, kutalika kwa chiwongolero, kulimba kwa kilatchi, malo a galasi. Akalephera kugwirizana ankaitana ine, popeza ndine wamfupi ndiponso wamantha, ati ndikhale pachishalo andiyeze. Ndinkapita ndikunyinyirika, thovu la sopo lili m'manja, koma mumtima ndinkasangalala. Ndinkaona kuti nyumba yanga ikuchira.

Chinthu chimodzi chokha amuna anga anaikapo osafunsa munthu. Kanali kabawuti kakang'ono pa chogwirira chopatsira moto, koletsa kuti chisazungulire mpaka kumapeto. Ngakhale munthu atapotokola ndi mphamvu zake zonse, njinga inkangoyenda mwaulemu. Injiniya sanatsutse. Anakajambula pamalo poti sipanala ifike mosavuta, poganiza kuti munthu akakhwima adzakachotsa. Bambo ake ankaganiza kuti kadzakhalapo mpaka njinga idzathe. Aliyense anamva zake, ndipo palibe anafunsa mnzake.

Njinga zitatuluka, anyamata a pamsewu wathu anaziseka mpaka kugwira m'mimba. Ati izi si njinga zamoto koma nkhono, ndipo dzinalo linakanirira. Amuna anga sanakhumudwe. Ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, mpaka anauza wolemba zikwangwani kuti alembe dzinalo pathanki. Amene ankabwera kudzagula anali ena: azimayi otopa ndi kudikira minibasi, azibambo achikulire ochita manyazi kuphunzira pagulu, ndi makolo ogulira ana awo. Makolowo amuna anga ankawatengera pambali n'kuwaonetsa kabawuti kaja ndi chala, modzitama ngati munthu woonetsa mdzukulu.

Wogulitsa weniweni anali Injiniya. Nkhono yoyamba, imene anaipaka yekha penti wobiriwira, inali yake. Ankapita nayo kumaofesi, kusukulu ndi kuzipatala, n'kumakweza anthu pabwalo, iye akuthamanga pambali atagwira kumbuyo kwa chishalo. Malonda anayamba kuyenda. Kampani ina ya m'tauni yakutali, yogulitsa njinga zikuluzikulu zakunja, inamva za iye n'kuyamba kumuimbira foni kuti akaigwirire ntchito. Ankakana, ati sangasiye adadi okha.

Tsiku lina anafika kukhitchini mkono wa jekete utang'ambika. Anandiuza motsitsa mawu kuti pachikweza chotulukira m'tauni lole inamupanikizira kungalande. Anaona mpata kutsogolo, anapotokola chogwirira kuti athawe, koma njinga inakana. Anachita kudziponya m'udzu. Anati tsiku lomwelo wachotsa kabawuti pa njinga yake, ndipo makasitomala ena okhwima akhala akumudandaulira zomwezo. Kuyambira pamenepo, aliyense wopempha ankayamba wamuyesa pabwalo, kuima mwadzidzidzi ndi kukhota pamchenga, ndipo akakhoza ankamuchotsera. Ndinamuuza kuti awauze bambo ake. Anati adzawauza akadzapeza tsiku labwino, ndipo ine ndinadziwa kuti kwa amuna anga tsiku lotero kulibe.

Amene anaulula anali namwino wina wosadziwa kanthu. Anabweretsa Nkhono yake kudzasinthitsa oyilo, n'kuyamba kuthokoza kuti chimuchotsereni Injiniya kabawuti kaja, chikweza chija akuchikwera ngati mbalame. Ndinali pawindo. Amuna anga anamwetulira, anasintha oyilo, anamuperekeza mpaka pageti. Patebulo madzulo ake anadya zonse, ndipo munthu ameneyu akadya zonse ali chete ndiye kuti zinthu zaipa.

M'mawa kutacha tinadzidzimuka ndi kuthetheka kwa makina owotcherera. Pamene tinkafika m'galaja n'kuti atamaliza. Njinga zonse zodikira ogula anali ataziwotcherera timabawuti, moti sipanala inalibenso ntchito. Pa yobiriwira anali ataikapo katsopano, ndipo penti wozungulira anali atapserera.

"Adadi, njinga yanga mwaitani?"

"Ndaikonza."

Injiniya anawafotokozera za lole ija, zonse, mpaka anakatenga jekete n'kuwaonetsa. Ndinaona nkhope ya amuna anga ikugwa, ndipo ndinaganiza kuti afewa. M'malo mwake mantha anawaumitsa. Anati akanayenera kuima pambali kuti lole idutse, ati munthu wodekha sapanikizidwa.

"Ndinaika mwana mmodzi m'manda," anatero. "Wina sindiika."

"Achimwene anapita, adadi. Njinga izi siziwabweza. Ine ndilipo, koma mukandiyang'ana mumaona maliro amene sanachitike."

Mawu amenewo anandilasa inenso, chifukwa anali oona. Amuna anga anatola waya wowotcherera n'kuyamba kumukulunga pang'onopang'ono.

"Galaja ino ndi yanga. Njinga yotuluka muno siithamanga."

"Ndiye khalani nayo, adadi."

Sanakuwe, ndipo chimene chinandiopsa n'chimenecho. Analowa kuchipinda kwake, anaimba foni ku kampani ija ine ndikumva, n'kuyamba kulongedza. Ndinamupempha, ndinamukalipira, ndinamukumbutsa kuti anthu awiri a mitu youma ndawapirira moyo wanga wonse ndipo angathe kupirirana mpaka mawa. Ndinathamangira kugalaja kukawauza amuna anga kuti mwana akupita, akanene mawu amodzi okha. Anandiyankha kuti akapsa mtima amatero, abwera. Ndinabwerera kuchipinda n'kupeza chikwama chatsekedwa. Injiniya anandikumbatira nthawi yaitali, n'kundiuza kuti akafika andiimbira. Ndinamva mtima wanga ukusweka kachiwiri, pamalo omwe aja.

Kuti akapeze basi ya m'mawa anaimitsa wakabaza amene ankadutsa pageti. Inali njinga yaikulu yakunja, yofiira, yolira mokalipa, ndipo woyendetsa wake anali ndi timawaya ta nyimbo m'makutu. Helemeti anali nayo imodzi, ya mutu wake. Mwana wanga anakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo, tsitsi lili pamtunda. Sanacheuke.

Kulira kwa injini ija kunawatulutsa amuna anga m'galaja. Anaima pakhomo n'kuona njinga ikunyamuka, tayala lakumbuyo likumwaza miyala. Anatchula dzina lake lenileni, limene sanalitchule kwa zaka, koma phokoso linameza mawu awo. Kenako anatembenuka, anakokera helemeti ya mwanayo pa msomali, anaikoleka pamkono, n'kulumphira pa Nkhono yobiriwira, chifukwa ndi yokhayo inali ndi mafuta.

Msewu wathu ndi wowongoka, umakwera pang'onopang'ono mpaka pa mphambano, kotero ndinaona zonse nditaima pageti. Njinga yofiira inkacheperachepera. Kumbuyo kwake kunali amuna anga, atawerama mpaka chifuwa kugunda thanki, dzanja lamanja likupotokola, likupotokolanso. Nkhono inkayenda mwaulemu monga anaipangira. Minibasi inawapitirira, kondakitala n'kutulutsa mutu kuwaseka. Pamene ankafika pakati pa mtunda, yofiira ija inali itakhota kale.

Anabwerera dzuwa lili pamutu. Anazimitsira njinga pageti n'kukhala pachishalo pomwepo, mapazi onse ali pansi. Chikhatho chawo chamanja chinali chitasupuka, magazi ataumira pa chogwirira. Helemeti inali ikadali pamkono.

"Basi ndaipeza itanyamuka," anatero osandiyang'ana. "Ndinapotokola, mayi. Ndinapotokola mpaka pomwe imathera."