Tsitsi ndi Zikhadabo za Agbesi

Agbesi anamwalirira ku Abidjan, m'dziko la eni, atakhalako zaka makumi atatu akupha nsomba. Thupi lake analiika komweko, poti ndani angayende ndi mtembo masiku awiri pabasi? Koma bokosi lisanatsekedwe, akuluakulu a mtundu wathu wa Anlo okhala kumeneko anachita zimene timachita munthu akafera kutali. Anameta katsitsi pamutu pake, nawenga zikhadabo za kumanja ndi za kumapazi, naziika m'kabokosi ka machesi, n'kukulunga ndi kansalu koyera. Kwa ife, zimenezo ndiye munthuyo. Zikakwiriridwa m'dothi la makolo ake, ndiye kuti wafika kwawo. Zikapanda kufika, mzimu wake umangoyendayenda kusowa pogona.

Kabokosiko anakapereka kwa mkazi wake, Dzigbodi. Ana awo awiri, Selasi ndi m'bale wake, anabadwira konko, amalota m'Chifalansa, ndipo aliyense anapeza chifukwa chomveka bwino chotsalira. Choncho mayiyo, amene moyo wake wonse anathera pautsi wowamba nsomba mpaka maso kufiira, anamanga mwamuna wake pamfundo ya chitenje nakwera basi yekha kulowera ku Ghana.

Anali atamva kuti nyanja yadya Hanukope, mudzi wa Agbesi. Koma mudziwo unali pamchenga pakati pa nyanja ndi mtsinje kuyambira kalekale, ndipo nyanja inkangobako nyumba imodzi kapena ziwiri chaka chilichonse, anthu n'kusunthira kumbuyo pang'ono. Iye anaganiza kuti n'zomwezo. Manda anali pamtunda kuseri kwa tchalitchi. Tisanamizane, mtunda wa kwathu kuno ndi malo amene madzi amakulekeza m'mawondo pamene anzako akuwalekeza m'chiuno, komabe unali mtunda.

Padooko anapeza mlamu wake Sedzro, mkulu wake wa Agbesi, akumudikira. Anali atawonda, mano atatsala owerengeka, koma pakamwa pake panali pomwe paja. Anaitanana mwaulemu wa kwathu, mmene mayi timamuti Daavi, bambo n'kumuti Efo.

"Daavi, mwanenepatu! Mng'ono wanga ankadya chiyani ngati nsomba zonse zinkathera mwa inu?"

"Efo, inu ndiye mwatsala mafupa. Ndinaona ngati mtengo wopalasira bwato wavala malaya."

Anaseka onse awiri, kenaka Sedzro anayang'ana pamfundo ya chitenje, kuseka n'kuthera pomwepo. Anavula chipewa. "Wabwera," anatero motsitsa mawu.

"Abwera. Tiyeni tiwoloke."

"Tiwolokere kuti, mlamu? Tafika."

Anamulozera kumbuyo kwa dooko. Panali zisakasa za masamba a kokonati zopanikizana, zina zofoleredwa ndi mapepala a pulasitiki, zina ndi malata adzimbiri ozulidwa kunyumba zakale. Anthu a Hanukope amene sanabalalikire m'matauni ndi amene ankakhala pamenepo. Dzigbodi anayenda pakati pa zisakasazo akufunafuna nkhope zodziwika. Anapeza zitatu. Ena onse anangomupatsa moni wa mlendo, ndipo zimenezi zinamuwawa kuposa mmene ankayembekezera.

Atadya, Sedzro anafotokoza. Mafunde aakulu anabwera katatu m'zaka zinayi. Oyamba anatenga sukulu, achiwiri anatenga msika ndi theka la nyumba, achitatu anaboola mchenga wonse nyanja n'kukumana ndi mtsinje.

"Anabwera anthu ophunzira ndi galimoto zawo," anatero. "Akuti kumayiko ozizira kukusungunuka madzi oundana, ndiye nyanja ikukwera. Ndinawafunsa kuti, bambo, ife kuno ngakhale firiji tilibe, madzi oundanawo atidziwa bwanji? Analemba funso langalo m'buku n'kumapita."

"Nanga manda?"

"Anapita ndi tchalitchi."

Dzigbodi anasisita mfundo ya chitenje. Kenaka anati basi, ngati mudzi wasamukira pano, Agbesi aikidwe pano, pakati pa abale ake.

Sedzro anapukusa mutu. Malowo anali obwereka. Eni ake, anthu a mudzi woyandikana nawo, anawalandira bwino, koma anaika malamulo awiri: pasadzalidwe kokonati, pasakumbidwe manda. Ndipo musafulumire kuwaweruza anthuwo. Aliyense kuno amadziwa kuti pamene wadzala mtengo ndi pamene waika m'bale wako, pasanduka pako. Nawonso nyanja ikuwanunkhiza, malo awo akuchepa, ndipo ali ndi ana.

"Ndi kabokosi ka machesi chabe," anatero Dzigbodi. "Ndani angaone?"

"Inu mukudziwa kuti si kabokosi chabe, iwonso akudziwa. Akamva, atithamangitsa tonse. Kwa eni kulibe mkuwe, mlamu."

"Nanga akufa anu mumaika kuti?"

"Kumanda a boma, kutauni. Mkazi wanga ali kumeneko, wagona pakati pa dalaivala wa lole ndi munthu wina amene dzina lake sitilidziwa. Tikhoza kupita naye kumeneko."

"Ndiwachotse kwa alendo, ndiyende nawo masiku awiri, kudzawaikanso kwa alendo ena? Ayi, Efo. Mawa munditengere ku Hanukope."

Ananyamuka dzuwa litakwera, pa nthawi imene madzi amaphwera. Bwato linali la Sedzro, injini yake yotsokomola ngati mwini wake. Anatsika ndi mtsinje mpaka pamene madzi ofiirira amasakanikirana ndi obiriwira, ndipo Dzigbodi ankangoyang'ana uku ndi uku kudikira kuti mudzi uoneke. Sedzro anazimitsa injini.

"Ndi pano," anatero.

Panalibe kanthu. Madzi okhaokha, ndi chinthu chimodzi chotalika chasimenti chitaima pakati pa mafunde. Dzigbodi anachiyang'anitsitsa osachizindikira, mpaka Sedzro anamuuza kuti ndi chitsime. Mchenga wonse wozungulira unakokoloka, khoma lake n'kutsala chilili m'madzi. Pachitsime chimenecho ndi pamene iye, ali mtengwa watsopano, ankatunga madzi akazi a m'mudzimo akumunena kuti ali ndi miyendo yopyapyala.

Sedzro anayamba kuloza ndi nkhafi, ngati akuonetsa mlendo mudzi wamoyo. Apo nyumba ya bambo athu. Apo pamene tinkakokera khoka. Apo mtengo wa kokonati umene anadzala pamchombo wa Agbesi. Anapalasa pang'ono, nayang'ana chitsime, nayang'ananso kumtunda, kuyeza ndi diso.

"Manda ali pansi pathu pano. Bambo ali apa, mayi chapafupi. Ena amene anabwera ndi tsitsi la abale awo anamangirira kamwala n'kuponya. Ndabweretsa kamwala."

Dzigbodi anagwira mfundo ya chitenje ndi manja awiri. Kwathu kuno womira m'madzi wafa imfa yoipa. Samuimbira ng'oma, samugoneka m'nyumba, ndipo dzina lake salipatsa mwana. Agbesi anapalasa panyanja kuyambira ali mwana mpaka imvi, bwato linamugudubuzapo kawiri, koma anafera pamphasa ngati munthu.

"Zaka zonsezi nyanja inawalephera," anatero. "Ndiye ine ndiwapereke ndi dzanja langa? Ndiwamize ine?"

"Sikumiza, mlamu. Makolo ali pansipo."

"Makolowo anawaika m'dothi. Madzi anawapeza okha. Palibe anawaponya."

Sedzro sanatsutse. Anakanda m'mutu, kenaka anati patsala kamalo kamodzi. Anapalasa kulowera kum'mawa, kumene kunali kamchenga kotalika ngati bwalo la mpira koma kopyapyala, kopanda udzu ngakhale umodzi. Kale kumeneko kunali kumapeto kwa mudzi, kotayira mamba a nsomba, kumene nkhumba zinkacheza. Ndilo dothi lokhalo la Hanukope limene linali likuonabe dzuwa.

"Sikafika chaka chamawa," anachenjeza Sedzro.

"Bola alowe m'dothi la kwawo. Zinazo n'za Mulungu."

Dzigbodi anatsika, nasankha pamene panaoneka pokwera, nagwada. Sedzro anathira mowa pang'ono pamchenga, akuitana makolo mayina awo mmodzimmodzi kuti alandire mwana wawo. Mawu ake ankamveka ochepa kwambiri pamphepo ija. Dzigbodi anayamba kukumba ndi manja. Mchenga wapamwamba unali wotentha, wouma, ndipo mtima wake unayamba kutsika. Atafika polekeza chigongono, pansi pa dzenjelo panayamba kunyezimira. Madzi anatumphuka pang'onopang'ono, makoma a dzenje n'kugumukira mkati.

Anasunthira kutsogolo nakumbanso. Chimodzimodzi. Anapita kumapeto kwina, mawondo atasupuka, thukuta likulowa m'maso, nakumba lachitatu mofulumira ngati angawapitirire madziwo. Anatumphukanso. Anaviika chala nalawa, ngakhale ankadziwa kale. Unali mchere.

"Ikani pamwamba pomwepo, pouma," anatero Sedzro. "Tikwirire msanga."

"Madzulo ano madzi akadzaza?"

Sedzro anayang'ana kumbali.

Dzigbodi anakhala pansi pakati pa maenje ake atatu, miyendo atatambasula. Ku Abidjan maliro onse analira pakati pa anthu, akumugwira mapewa. Apa ndi pamene anadziwa kuti watsala yekha, ndiponso kuti tsiku lake likadzafika, ana ake sadzakhala ndi koti apite nazo zikhadabo zake, ngakhale atafuna. Anamasula mfundo, natulutsa kabokosi kaja. Kansalu koyera kanali katada ndi thukuta la ulendo. Anakafumbata nthawi yaitali, mafunde akuyamba kunyambita m'mphepete mwa mchengawo.

"Mlamu," anaitana Sedzro ali m'bwato, "madzi akubwera."

Dzigbodi anamanganso kabokosiko pachitenje, mfundo ziwiri, nakoka ndi mano kuti ilimbe. Anadzuka movutika, nasasa mchenga m'mawondo.

"Tiyeni, bambo a Selasi," anatero, akulankhula ndi mfundoyo. "Kwanu ndakufikitsani, mwaona nokha. Muzikhala ndi ine."